Mphepo Ikamameza Kulira kwa Injini mu Vidiyo Yanu ya Mpikisano

Vidiyo zambiri zojambulidwa m'galimoto pa bwalo la mpikisano zimakhala ndi zithunzi zabwino, koma mawu ake ndi "fuuu" yekhayekha. Injini simveka, matayala akamalira pakona samveka, ngakhale pamene giya yasinthidwa sipadziwika. Ambiri amathamangira kugula kamera ina yodula. Monga munthu amene ntchito yake ndi kujambula mawu, ndikunena kuti kamera ilibe mlandu. Vuto ndi malo amene maikolofoni ili.

Phokoso la mphepo silichokera patali ngati la injini. Ndi mpweya umene ukuwomba maikolofoni yeniyeniyo n'kumagwedeza kachikopa kopyapyala kamene kali mkati mwake, ndipo liwiro likamakwera kugwedezako kumakula mofulumira kwambiri. Kutseka mawindo kukanathandiza, koma okonza masiku ambiri oyendetsa pa bwalo amalamula kuti mawindo akutsogolo akhale otsitsa, kuti woyendetsa azitha kupereka zizindikiro ndi dzanja komanso kuti opulumutsa amufikire msanga pakachitika ngozi. Lamulo limenelo si lolimbana nalo chifukwa cha vidiyo.

Kamera imafuna malo ooneka bwino msewu, chiwongolero ndi manja a woyendetsa, ndipo malo amenewo ndi omwenso mphepo yolowera pawindo imazungulira. Choncho kamera ndi maikolofoni zisiyanitseni. Pezani kamaikolofoni kakang'ono kaja amakoleka pa kolala, makamaka komva mbali zonse, chifukwa mtundu umenewu suvutitsidwa ndi mphepo ngati wolunjika mbali imodzi. Makamera ena monga GoPro amafuna kachipangizo kapadera kolumikizira waya wa mamilimita 3.5, kapena mutha kugwiritsa ntchito rekoda yaing'ono yapayokha.

Pa nkhani ya malo m'pofunika kudekha, chifukwa malo aliwonse ali ndi mawu akeake. Pansi pa mpando wa wokwera pamakhala bata, ndipo mumamva galimoto monga woyendetsa amaimvera. Pansi pa dashibodi mumamva kwambiri injini ikukoka mpweya. M'buti mphepo ilibe njira, koma mawu amatuluka olemera, nthawi zina ongoti "vuuu" osasiyanitsa magiya. Malo amene ine ndimakonda ndi kumbuyo, pa bampala, pambali pang'ono pa ekizozi: thupi la galimoto limatchinga mphepo, ndipo ekizozi imamveka yokoma zedi. Koma musaiike pamene utsi ukutulukira, chifukwa kutentha kumasungunula waya ndi chophimba cha maikolofoni chomwe. Paliponse pamene mwasankha, ikani kasiponji pakati pa maikolofoni ndi chitsulo, apo ayi mudzajambula kunjenjemera kwa galimoto.

Chophimba cha siponji chimathandiza pa kamphepo kochepa chabe. Pa bwalo mumafunika chophimba chaubweya wautali, chifukwa ubweyawo umaphwanya mphamvu ya mpweya usanafike pa maikolofoni, koma mawu amadutsa.

Palinso kugunda kwina kumene chophimba sichingathetse, kuja kumapweteka m'makutu windo limodzi lokha likakhala lotsegula. Mkati mwa galimoto mumachita ngati botolo limene munthu akuuzira pakamwa pake, ndipo mpweya wonse umadumpha pafupifupi ka 20 pa sekondi. Kutsitsa windo la mbali inayo kumachepetsa zimenezi.

Chinthu chimene chimawononga vidiyo zambiri mwakachetechete ndi makina a kamera osintha okha kukula kwa mawu. Mphepo ikawomba, kamera imaona ngati mawu akula kwambiri n'kutsitsa zonse, injini n'kuzimiririka pamene galimoto ikuthamanga kwambiri, pamalo pomwe mumafuna kuimva. Ngati chipangizo chanu chikulola, ikani nokha mulingo wa kukula kwa mawu, kuti pamene injini yalira kwambiri mawu afike cha m'ma -12 dB pa sikelo yoonetsa kukula kwa mawu pa chipangizocho. Marekoda a mtundu wotchedwa 32-bit float amachepetsa nkhawa imeneyi, popeza mulingo mumatha kuukonza pambuyo pake. Mukagwiritsa ntchito rekoda yapayokha, ombani m'manja kamodzi patsogolo pa kamera musananyamuke, kuti pa kompyuta mugwirizanitse mawu ndi zithunzi mosavuta.

Zonse zimangidwe zolimba. Rekoda yogubuduzika ikhoza kukalowa pansi pa buleki, ndipo oyendera magalimoto asanalowe pa bwalo amakaniza zinthu zotayirira. Waya mumate ndi tepi m'njira yake yonse, kutali ndi mapazi.

Pa kompyuta pali chothandiza chimodzi chenicheni: kudula mawu otsika, aja a besi. Mphamvu yambiri ya mphepo ili pansi, ndiye kudula zonse za pansi pa 100 Hz (Hz ndi muyeso wa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi) kumachotsa kugunda kochuluka. Injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imaphulika ka 200 pa sekondi, kutanthauza 200 Hz, choncho imatsala. Mukadula mpaka 300 Hz mwayamba kudya injini yomweyo. Mapulogalamu ochotsa phokoso ambiri anapangidwira mawu a munthu, moti injini amaiona ngati phokoso n'kuichotsa. Ndipo ngati mphepo inadzaza maikolofoni mpaka mawu kusweka, palibe pulogalamu imene ingawabwezeretse. N'chifukwa chake mukamaliza ulendo woyamba pa bwalo, mvetserani ndi mahedifoni zimene mwajambula, n'kusuntha maikolofoni musanalowenso.