Marcus Binney ndi nkhondo yopulumutsa nyumba zakale ku Britain

Mu Disembala 2024 boma la Britain linaloleza kampani ya Marks & Spencer kugwetsa sitolo yake yakale ya mumsewu wa Oxford Street ku London. Mlanduwu unali utayendayenda: nduna Michael Gove inakana mu 2023, khoti lalikulu linathetsa chigamulocho mu Malichi 2024, kenako nduna ina, Angela Rayner, n'kuvomereza. Amene anakakamira kutsutsa mpaka pomaliza ndi bungwe loteteza nyumba zakale la SAVE Britain's Heritage, lomwe linkanena kuti kugwetsa n'kumanganso kumawononga chilengedwe kuposa kukonza chimene chilipo kale. Bungweli linakwanitsa zaka 50 mu 2025, ndipo khama lake linachokera kwa munthu amene anatsogolera poliyambitsa, Marcus Binney.

Binney anabadwa mu 1944, anaphunzira ku Cambridge, kenako n'kuyamba kulemba za nyumba zakale m'magazini ya Country Life, yomwe pambuyo pake anakhala mkonzi wake. Analembanso kwa zaka zambiri m'nyuzipepala ya The Times. Koma chaka chimene chinasintha ntchito yake ndi 1974.

Pofika nthawiyo, nyumba zikuluzikulu zakumidzi, zija za mabanja a mabwana akale, zinali zikutha. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse boma linatenga zambiri n'kuikamo asilikali, ndipo eni ake anazilandiranso zili zoonongeka. Antchito ozisamala anasowa. Msonkho wa chuma chamasiye unakwera mpaka kufika 80 peresenti pa chuma chochuluka, moti mwana wolowa m'malo mwa bambo ake ankayamba wagulitsa minda, kenako zithunzi ndi mipando, pomaliza n'kuitana ogwetsa. Denga likayamba kudontha, matabwa ankaola msanga. Lamulo lokakamiza mwini nyumba yotetezedwa kupempha chilolezo asanagwetse linabwera mochedwa, mu 1968. Owerengera amasiyana pa chiwerengero cha nyumba zimene zinapita ku England: ena amati pafupifupi 1,200, ena amayandikira 2,000. Kusiyanaku kumabwera chifukwa samvana kuti nyumba "yaikulu" imayambira pati, ndiponso ngati yopsa ndi moto kapena yogwetsedwa mbali imodzi iwerengedwe. Ine ndimakhulupirira kwambiri chiwerengero chachikulucho, pakuti nyumba zosatchuka zinkagwa popanda wozilemba.

Mu 1974 Roy Strong, mkulu watsopano wa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert Museum ku London, analola Binney ndi mnzake John Harris kukonza chionetsero chotchedwa The Destruction of the Country House. Chimene anthu sanachiiwale ndi chipinda chimodzi. Munali mizati yopangidwa mooneka ngati ikugwa, yomatidwa zithunzi za nyumba mazanamazana zomwe kulibenso, ndipo mawu a Harris ankamveka akutchula mayina awo, lina pambuyo pa linzake, ngati mmene amatchulira omwalira pa mwambo wachikumbutso. Munthu amene ankadziwa za nyumba imodzi yokha yakwawo anaona tsopano kuti vutoli ndi ladziko lonse. Chaka chotsatira, 1975, SAVE inabadwa.

Njira ya Binney inali ya mtolankhani. M'malo molemba makalata aulemu kwa akuluakulu n'kudikira, ankatulutsa timabuku tazithunzi mwachangu, n'kutumiza nkhani ku nyuzipepala. Sanapambane zonse. Mu 1977 boma linakana kugula nyumba ya Mentmore ku Buckinghamshire pamodzi ndi katundu wake pa mapaundi 2 miliyoni, ndipo kampani yogulitsa zinthu pa okushoni ya Sotheby's itagulitsa katunduyo anaposa mapaundi 6 miliyoni. Manyazi a nkhaniyi anathandiza kuti mu 1980 pakhazikitsidwe thumba la ndalama zopulumutsira malo ndi zinthu zakale zamtengo wapatali la National Heritage Memorial Fund.

Pali funso limene wowerenga wakwathu sangalephere kufunsa: bwanji kulirira nyumba za anthu olemera, pamene zina zinamangidwa ndi chuma cha ukapolo ndi utsamunda? Funsoli n'lomveka, ndipo bungwe la National Trust lenilenilo, lomwe limasamalira nyumba zambiri zotere, linatulutsa lipoti mu 2020 lotchula malo ake 93 okhudzana ndi mbiri imeneyi. Komabe nyumba ikagwa, umboni wa mbiriyo umagwera pomwepo, pamodzi ndi luso la amisiri amene anasema miyala ndi matabwa. Komanso SAVE sinathere pa nyumba za mabwana. Inamenyeranso mafakitale ansalu a kumpoto kwa England, matchalitchi, masiteshoni asitima, msika wansomba wa Billingsgate, ndi msika wa Smithfield, umene boma linakana kuti ugumulidwe mu 2014.

Kumene kumaonekera bwino khalidwe la Binney ndi ku Barlaston Hall, ku Staffordshire. Nyumbayi, yomangidwa m'ma 1750, inali itang'aluka makoma chifukwa nthaka inkatitimira ndi migodi yamalasha. Eni ake, kampani ya Wedgwood, ankafuna kuigwetsa, ndipo pa msonkhano wofufuza nkhaniyi mu 1981 anauza SAVE kuti ngati ikuifunadi, iigule pa paundi imodzi n'kuikonza yokha. Binney anavomera. Panatsatira zaka zolimbana ndi bungwe laboma loyendetsa migodi, National Coal Board, kuti lilipire zimene linaononga, mpaka linalipira. Maziko analimbitsidwa, denga linakonzedwa, ndipo mu 1992 nyumbayo inagulitsidwa kwa banja lina lomwe linamaliza ntchito ya mkati n'kuyamba kukhalamo.