Kusandutsa tchalitchi chakale kukhala nyumba yogona ku England: mafunso ndi mayankho

Ndaona katchalitchi kakale kakugulitsidwa motchipa, ndingagule nkumakhalamo?

Kugula mutha kugula, koma musanatulutse ndalama yang'anani kaye pa intaneti mu ndandanda wa Historic England, bungwe la boma loyang'anira nyumba ndi malo akale, ngati nyumbayo ili listed, kutanthauza kuti inalembedwa m'gulu la nyumba zofunika kusungidwa. Ikapezekamo ndiye kuti ndi yotetezedwa ndi lamulo la 1990, ndipo nthawi zambiri kutchipako chifukwa chake nchomwecho. Magiredi alipo atatu, Grade I, II* ndi II, zambiri ndi za Grade II, zoposa 90 pa 100 zilizonse.

Chilolezo nchimodzi?

Ziwiri, zonse kukhonsolo. Planning permission ndi yosinthira ntchito ya nyumba, kuchoka popempherera kukhala pogona anthu. Listed building consent ndi yokhudza nyumbayo, kugumula khoma, kusintha mawindo, masitepe, ngakhale zamkati zomwe munthu wodutsa pamsewu sangaone. Yachiwiriyi salipiritsa koma musasangalale msanga, ndalama zimathera kwa wojambula mapulani komanso pa heritage statement, chikalata chofotokoza mbiri ya nyumbayo ndi zomwe ntchito yanu iwononge.

Amakana pa zifukwa zanji?

Mawindo a pulasitiki m'malo mwa amatabwa aja, simenti pakhoma lomwe linamangidwa ndi laimu poti simenti imatsekera chinyontho mkati mpaka khoma kumafumbutuka, komanso kudula holo yaikulu ija kukhala tizipinda tambirimbiri. Pamatchalitchi vuto lalikulu limakhala pansanjika, mukufuna zipinda zogona pamwamba koma pansi pake pakudutsa pakati pa mawindo ataliatali aja, apa mpomwe conservation officer, mkulu wa kukhonsolo woona za nyumba zotetezedwa, amalimba. Ine ndimati munthu ameneyu mukumane naye musanagule nkomwe, makhonsolo ambiri amapereka malangizo musanatumize pempho, pena pamalipiro, ndalama imeneyo siyotaya. Ndipo mudenga mukapezeka mileme ntchito imaima kaye, kumeneko mileme ndi yotetezedwa.

Yankho limatenga nthawi yaitali bwanji?

Pamalamulo ndi masabata 8, koma kupitirira sizachilendo. Akakana mumachita apilo ku Planning Inspectorate, bungwe la boma lomva ma apilo otere, pasanathe miyezi 6.

Nanga ndikangoyamba mwakachetechete?

Umenewo ndi mlandu, faindi yake ilibe malire ndipo munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 2. Nkhani yake siitha ndi zaka, moti ngati mwini wakale anasintha zinthu popanda chilolezo khonsolo itha kukulamulani inuyo ogula kuti mubwezeretse momwe zinalili, ndi ndalama zanu. Loya wanu afunse mapepala a ntchito zonse zakale musanasaine.