Ola limodzi pa sabata: kuchezera munthu wa ulumali wa ubongo amene akuvutika maganizo

Kuno ku Johannesburg ambiri timalawirira m'mamawa kukagwira ntchito, kubwerako dzuwa litalowa. M'chipinda cha lendi ku Yeoville kapena ku Rosettenville mwatsala mnyamata wa Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limabweretsa ulumali wa ubongo), chitseko chokiya, TV ikungolankhula yokha. Kumudzi akanakhala pakhonde, odutsa n'kumamupatsa moni.

Munthu wa ulumali wa ubongo nayenso amadwala matenda ovutika maganizo, kungoti mawu ofotokozera amamusowa. Yang'anani zochita zake. Nsima akungoitsina n'kuisiya, tulo sakupeza kapena akungogona, akulira, akupsa mtima msanga, akudzimenya, wasiya kusamba pomwe ankasamba yekha. Zikapitirira masabata awiri, musanene kuti "ndi mmene alili". Pitani naye ku kiliniki. Ngati ali ndi Down syndrome, pemphani kuti amuyezenso chithokomiro, chifukwa chikafooka chimabweretsa zizindikiro zofanana.

Pambali pa chithandizo cha kuchipatala, pamafunika mnzake wocheza naye. Njirayi anaiyesapo ku England: munthu wodzipereka ankapatsidwa mnzake mmodzi woti azikumana naye pafupifupi ola limodzi sabata iliyonse kwa miyezi 6. Ifenso tingathe, kudzera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu athu othandizana pamaliro.

Mukadzipereka, mufunseni mwiniwakeyo ngati akufuna, osati achibale okha. Mulekeni asankhe chochita: kukaona abakha ku Zoo Lake, kusewera bawo, kukasankha tomato kumsika. Mukamufunsa funso, dikirani. Yankho limatha kuchedwa, musamuyankhire. Ngati ndi wamkulu, mulemekezeni ngati wamkulu.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: mukati Loweruka, likhale Loweruka. Munthuyu amavala nsapato m'mawa n'kukhala pazenera kukudikirani. Ngati mwalephera, imbani foni. Ngati mukubwerera ku Malawi, muuzeni kudakali nthawi kuti mutsanzikane bwino.

Musamupatse mankhwala anu kapena kumusungira ndalama, ndipo omusamalira azidziwa komwe mwapita. Mnzanuyo akakuuzani kuti wina akumuzunza, kapena akatchula zofuna kufa, musasunge chinsinsi. Imbani ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, nambala yaulere yogwira usana ndi usiku. Pa ngozi yadzidzidzi, imbani 112 pafoni yam'manja.