Ku Chembe, Paki Inapeza Mudzi Ulipo Kale

Mukangomaliza kukhoma tenti pa mchenga wa ku Cape Maclear, anyamata a maboti amakhala atakupezani kale. Maulendo awo anawaloweza pamtima: m'mawa ku chilumba cha Thumbi kukasambira pakati pa nsomba, masana kampango wowotcha ndi mpunga pamiyala pomwepo, madzulo ku Otter Point dzuwa likamalowa. Mukaoneka wolimba miyendo amakuuzaninso za manda a amishoni ndi kanjira kokwera phiri. Alendo ambiri amapita, kujambula zithunzi, n'kubwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre Lamulungu madzulo. Ndi ochepa amene amafunsa kuti zinatheka bwanji kuti mudzi wa asodzi, wa anthu opitirira 10,000, upezeke mkatikati mwa malo otetezedwa ndi boma, momwe kuthyola nthambi yaiwisi ndi mlandu.

Mudziwo ndi wa Chembe, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, boma la Mangochi. Dzina limene lili pa mapu linabwera ndi David Livingstone mu 1861, pamene ankayendera nyanjayi pa kaboti kakang'ono limodzi ndi mng'ono wake Charles ndi Dr John Kirk. Ataona mapiri olowa m'nyanjawa anawatcha dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, amene ankamuthandiza kuwerengetsa malo amene wafika kuti alembedwe molondola pa mapu. Kuseri kwa mapiriwo kuli doko lobisika ku mwera, ndipo dokolo ndi limene linakoka anzake patapita zaka 14.

Ulendo wofupika kuposa onse kuchokera pa kampu iliyonse ya m'mudzimo ndi wa ku manda, chakumadzulo kwa gombe, pafupi ndi geti lolowera m'paki. Ndi wapansi basi, ngakhale ndi masilipasi. Livingstone atamwalira mu 1873, a mpingo wa Free Church of Scotland anaganiza zomukumbukira pokhazikitsa mishoni kunyanja kuno. Gulu loyamba analitsogolera ndi E.D. Young, msilikali wa pamadzi amene anali atafikako kale kunyanjaku mu 1867, ndipo m'gululo munali dokotala wa zaka 24, Robert Laws. Anabwera ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala, dzina la dera la ku Zambia kumene Livingstone anafera. Atafika pa mathithi a Shire anaimasula zidutswazidutswa, ndipo mafumu a Chikololo anasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana amene anasenza zitsulozo pamutu, kukwera ndi kutsika mapiri mtunda wa makilomita pafupifupi 100, mpaka kumtunda kwa mathithi kumene anailumikizanso. Anthu amenewo palibe anawaikira chipilala. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja, sitima yoyamba ya nthunzi kuyenda pa madziwa. Chilolezo chokhala anawapatsa ndi Mfumu Mponda, Myao amene ankalamulira potulukira Shire.

Choncho Livingstonia yoyamba inali pano, osati ku Rumphi kuja. Sukulu imene mabuku a maphunziro amaitchula kuti ndi yoyamba m'Malawi inayambira pagombeli, ndipo mu 1876 Laws anachita opaleshoni yogonetsa munthu tulo ndi mankhwala, chinthu chimene anthu a m'derali anali asanachionepo. Koma doko labwino si mudzi wabwino. Nthaka inali ya mchenga ndi miyala, ng'ombe zinkafa ndi kashembe, anthu okhala pafupi anali ochepa, ndipo mafumu amphamvu ozungulira, Mponda ndi Makanjira, chuma chawo chinkadalira malonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe la nyanja ya mchere. Pamwamba pa zonsezo panali malungo. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti amene amawafalitsa ndi udzudzu. Zimenezo zinadziwika mu 1897. Iwo ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo.

Mandawo ndi a anthu asanu, ndipo ambiri pongodutsa amati "manda a azungu". Si onse anali azungu. Mu 1876 Dr James Stewart anabwera ndi alaliki anayi a Chixhosa ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Mmodzi wa iwo, William Koyi, anadzatchuka chifukwa chotha kulankhulana ndi Angoni a M'mbelwa m'chilankhulo chomvana. Mnzake Shadrach Ngunana, amene ankaphunzitsa ana pasukulupo, anamwalira mu 1877, chaka chimodzimodzi ndi Dr William Black, ndipo wagona pomwepo. Mphunzitsi wakuda amene anachoka kwawo kutali chotero kudzafera pa ntchito ya sukulu yoyamba m'dziko muno anayenera kudziwika ndi mwana aliyense wa pulayimale. Pofika 1881 mishoniyo inali itabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe kwa Atonga, n'kusiya Namalambeyo akuyang'anira za pano, ndipo mu 1894 anakwera mpaka ku Khondowe, ku Rumphi kuja, pothawa malungo omwewo.

Alendo achiwiri otchuka anabwera pamlengalenga. Mu 1949 kampani ya ndege ya BOAC inayamba kuteretsa pano ndege zake zotera pamadzi, zochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, ndipo apaulendo ankagona pa hotela imene inali pagombeli. Zinangoyenda pafupifupi chaka chimodzi. Mu 1950 ndege zoterozo zinasiyidwa, hotela n'kusowa alendo, n'kutsekedwa.

Chimene chinabwera n'kukhalitsa ndi paki, ndipo chifukwa chake mumachiona mukafika pa Thumbi. Boti likazimitsa injini pafupi ndi miyala, mnyamata amakupatsani galasi loonera pansi pa madzi ndi kachidutswa ka buledi. Mukangofinya buledi uja m'madzi, nsomba zing'onozing'ono zotchedwa mbuna zimakuunjirirani ngati nkhuku pothira madeya, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina n'kumakujomphani zala. Mukayang'anitsitsa m'mphako za miyala mukhoza kuona yaikazi yotupa masaya, yosadya nawo. Imeneyo yafungatira mazira kapena ana m'kamwa. Tinsombati timakhala pamiyala pokhapokha, ndipo sitikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Ndiye pa zaka zikwizikwi gulu la pachilumba ichi linasiyana mtundu ndi gulu la pachilumba icho, mpaka nyanja ya Malawi inakhala ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, pafupifupi yonse yosapezeka kwina kulikonse. Pa Thumbi pomwepo pali kankhani kena: mitundu ina imene mumaiona si ya pomwepo, inatayidwapo m'zaka za m'ma 1970 ndi ochita malonda otumiza nsomba zokongola kunja, amene anaitenga kumpoto kwa nyanja.

Pofuna kuteteza nsombazi, boma la Kamuzu linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, paki yoyamba padziko lapansi yokhazikitsidwa chifukwa cha nsomba za m'madzi opanda mchere. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a padziko lonse. Ndi yaying'ono, masikweya kilomita 94, ndipo mbali yaikulu ndi mapiri a Nankumba ndi zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Boadzulu ndi Maleri. Madzi otetezedwa ndi kamzere chabe, mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi kuzungulira zilumba.

Ku Nyika, paki itakulitsidwa mu 1978, anthu anasamutsidwa. Kuno boma silinatero. Midzi isanu, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale, inasiyidwa pomwe inali, malire n'kuizungulira. Chinali chifundo ndithu, koma cha theka. Anthu anatsala ndi nyumba zawo, gombe la kutsogolo kwa mudzi ndi timinda ta m'chigwa, pamene phiri limene ankatolako nkhuni, kumweta udzu ndi kudula milimo linasanduka la a gemu. Mayi wa ku Chembe amaloledwa kukatola nkhuni zouma zogwa zokha, ndipo akhale ndi chiphaso cholipira. Mukalawirira kukwera kanjira ka m'phiri mudzakumana nawo akutsika pamzere, mitolo yaitali kuposa msinkhu wawo ili pamutu, nkhata itaphwatalala. Amene amakumana ndi a gemu kawirikawiri ndi iwowa, ngakhale mitengo ikuluikulu imathera kowamba nsomba za malonda, osati pa mafuwa ophikira nsima.

Za mamita 100 zija n'chimodzimodzi. Pa madzi sipalembedwa mzere. Eni makoka akuluakulu a chilimira alibe nazo vuto kwenikweni, chifukwa usipa ndi utaka amakazitsata kutali. Usiku wopanda mwezi mukakhala pakhomo pa tenti mumaona nyali zitandandalika pa nyanja: ameneyo ndi siginala m'bwato lake, akukopa usipa ndi kuwala, maboti awiri akudikira kuti azinge khoka. Kale zinali nyali za palafini, lero ndi mababu a batire. Mmawa amayi amathamangira kugombe ndi mabeseni, ndipo dzuwa likamakwera usipa uli mbee pa thandala. Wovutika ndi wa bwato lopalasa, wa mbedza ndi matchera, amene mwezi wa Juni kapena Julayi, mwera utakwiya, malo okha amene angaime osagubuduzika ndi kuseri kwa Thumbi kapena Domwe, momwe ndi moletsedwamo. Akagwidwa amalandidwa ukonde. Lamulolo kwa nsomba ndi lolondola, pakuti mbuna zimakhala m'kamzere komweko ndipo zikatha pachilumba chimodzi zatha padziko lonse. Koma mtolo wake anausenza ndi amene analibe injini.

Anthu anachulukanso. Usodzi unakoka mabanja ochokera kumpoto, makamaka Atonga a chilimira, ndipo alendo oyenda ndi zikwama kumsana atayamba kudzaza gombeli m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, malo ogona anayamba kumera pakati pa nyumba za anthu. N'chifukwa chake kampu ya ku Chembe siili kwayokha. Kumanja kwa mpanda amayi akutsuka mapoto ndi mchenga, kumanzere bambo akusoka ukonde, ana akusambira pakatipo. Kwa ine ndicho chokoma chake cha malowa, ngakhale malo a m'mphepete mwa madzi akamagulidwa njira zotsikira kunyanja zimachepa, ndipo milandu ya malo siitha kwa amfumu. Ntchito zabwera, za maboti, zophika, zosema ziboliboli. Chipatala cha m'mudzimo, cha Billy Riordan, chinatsegulidwa mu 2004 pokumbukira mnyamata wa ku Ireland amene anamira pagombeli mu 1999. Chisanabwere, wodwala ankayenera kukafika ku Monkey Bay.

Pali chinanso chimene eni malo ogona sakonda kuchitchula mokweza: likodzo. Matendawa anawonjezeka pagombeli kuyambira m'ma 1980, ndipo akatswiri a nsomba anaona kuti zinayendera limodzi ndi kuchepa kwa nsomba zimene zimadya nkhono za m'madzi, zimene zinkakokoledwa ndi makoka a maso aang'ono, ena osokedwa ndi masikito. Nkhono zikachuluka, tizilombo ta likodzo timapeza pobisala. Mukasambira kutsogolo kwa mudzi, kayezetseni kuchipatala pakapita masabata angapo. Mankhwala ake alipo.

Tsiku lotsala ndi la pamsewu. Pa makilomita pafupifupi 18 okhotakhota otulukira ku msewu wa Monkey Bay, anyani atakhala m'mbali ngati eni ake, mumadutsa Mwala wa Mphini, chimwala cha mizere yakuya yopingasana chimene boma linachiika m'gulu la zipilala za dziko. Ena amati anachitema ndi makolo, akatswiri a miyala amati ndi ntchito ya dzuwa ndi mvula, ndipo asing'anga amapalako fumbi lake kukasakaniza m'mankhwala. Ku Monkey Bay, mukapeza ili padoko, mudzaona Ilala ya masiku ano, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubweranso zidutswazidutswa, ulendo uno pa njanji, ndipo yakhala ikunyamula anthu ndi katundu kuyambira 1951. Okhala ndi galimoto amapitirira mpaka pa boma la Mangochi, pafupi ndi pamene atsamunda anamanga Fort Johnston mu 1891 kuti atseke njira ya akapolo ya kwa Mponda. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Guendolen imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, ndi chikwangwani cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu Julayi 1946.

Pobwerera mumadutsa phiri la Nkhudzi, limene nalonso ndi gawo la paki. Apa mkangano wa paki ndi anthu unabukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, a Southern Region Water Board atafuna kumanga thanki yaikulu ya madzi paphiripo kuti midzi ya m'mphepete mwa nyanja ilandire madzi a m'mipope. Oteteza zachilengedwe anati msewu ndi thankiyo zidzagumula nthaka n'kuthira matope pamiyala ya mbuna, ndipo zidzaika pachiswe dzina la malowa ku UNESCO. Mafumu ndi anthu awo anati atopa kumwa madzi osatetezeka nyanja ili pakhomo, kolera n'kumawatha. Nkhani inafika mpaka kukhoti, ndipo pamapeto pake ntchitoyo inapitirira.