Miami Connection, filimu yoipa imene anthu sakuikhuta

Mu Ogasiti 1988, maholo 8 oonetsera mafilimu a m'chigawo chapakati cha Florida, ku America, anayamba kuonetsa filimu ya zomenyana yotchedwa Miami Connection. Patangotha masabata atatu inali itachotsedwa. Anthu sanabwere, ndipo nyuzipepala ya Orlando Sentinel inaitcha filimu yoipitsitsa ya chaka chimenecho. Mwini wake, Y.K. Kim, anatsala ndi ngongole ndi manyazi basi.

Kim sanali munthu wa mafilimu. Anabadwira ku Korea, ndipo mumzinda wa Orlando ankadziwika ngati katswiri wophunzitsa taekwondo, luso lomenyana la ku Korea, wokhala ndi sukulu yakeyake. Amene anamukokera m'zimenezi ndi Park Woo-sang, wotsogolera mafilimu wa ku Korea, yemwe anamuona pa wailesi yakanema akukamba za buku lake n'kumunyengerera kuti apange filimu limodzi. Kim analowamo ndi miyendo yonse iwiri. Anatulutsa zonse zomwe anasunga, anabwereka kwa anzake, sukulu n'kuiika chikole, mpaka ndalama zinafika pafupifupi madola 1 miliyoni. Ku Hollywood zimenezi n'zochepa, koma kwa mphunzitsi mmodzi linali thukuta la zaka zambiri. Ochita sewero ambiri anali ophunzira ake omwe, anthu odziwa kuponya mwendo koma osazolowera kuima pamaso pa kamera.

Nkhani yake n'njovuta kuifotokoza osaseka. Anyamata asanu, ana amasiye, amakhala nyumba imodzi, masana amaphunzira pa University of Central Florida, usiku amaimba m'kalabu ndi gulu lawo la Dragon Sound, nyimbo zake zokamba za ubwenzi ndi taekwondo. Adani awo ndi oimba ena omwe alandidwa malo m'kalabumo, gulu la anyamata ovuta a m'tauni, ndiponso maninja (akatswiri omenyana mobisalira monga a ku Japan) oyenda pa njinga zamoto amene amachita malonda a cocaine. Dzina likunena Miami, koma zambiri zimachitikira ku Orlando. Kim mwiniwake, bambo wamkulu ndithu, amasewera ngati wophunzira wa pa yunivesite, Chingerezi chake chofuna kutchera khutu kawiri, gitala ali nayo m'manja koma zala zikuonekeratu kuti sizidziwa zingwe. Pali malo ena pomwe Jim, mmodzi wa anyamatawo, amagwetsa misozi pofotokoza za bambo ake amene wakhala akuwafunafuna, anzake atangoima kakasi, ena ali pamtunda. Ndiye kumapeto, anyamata athu atatha kukhapa maninja ndi malupanga magazi ali chuchuchu, pamatuluka mawu olangiza dziko kuti mtendere ubwera pokhapokha nkhanza zitatha.

Makampani ogulitsa mafilimu anaikana. Kim sanagwe ulesi. Park atabwerera kwawo, Kim ndi wophunzira wake Joseph Diamand anajambulanso magawo ena, n'kusintha mathero kuti Jim asafe monga zinalili poyamba. Sizinathandize. Zitakanika mu 1988, Kim anabwerera kokaphunzitsa, nkhani ya filimuyi n'kuikwirira.

Panapita zaka zoposa 20. Mu 2009, Zack Carlson, yemwe ankasankha mafilimu oonetsa m'maholo a Alamo Drafthouse mumzinda wa Austin ku Texas, anapeza filimuyi ikugulitsidwa pa eBay, msika wa pa intaneti, ili pa mikombero yakale ija ya 35mm. Anaigula ndi ndalama zosapitirira madola 50 asanaionepo n'komwe. Ataionetsa, holo inaphulika ndi phwete ndi kuwomba m'manja. Kampani ya Drafthouse Films, mphukira ya maholo omwewo, inaganiza zoitulutsanso, koma itaimbira Kim foni iye ankangodula, poganiza kuti ndi anthu ofuna kumunyodola. Ndani akanamudzudzula? Munthu amene wapsapo amaopa ngakhale phulusa. Anavomera atamuchonderera kangapo, ndipo mu 2012 filimuyi inabwereranso m'maholo, kenako inatuluka pa DVD, pa Blu-ray, ngakhalenso pa matepi a VHS kwa okonda zakale. Chaka chomwecho a Dragon Sound anakumananso n'kuimba pa chikondwerero cha mafilimu cha Fantastic Fest ku Austin, atakula, pamaso pa achinyamata amene ena anali asanabadwe pomwe filimuyi inkajambulidwa.

Apa m'pamene pali funso lenileni. Mafilimu oipa a zomenyana a m'zaka za m'ma 1980 ndi ambirimbiri, ndipo anaiwalika monga kuyenera. N'chifukwa chiyani iyi yokha ili ndi anthu ake, ovala malaya olembedwa Dragon Sound, oloweza nyimbo ya Friends ndi ya Against the Ninja? Ine ndikuona kuti kuipa pakokha sikukoka munthu kawiri. Masiku ano alipo opanga mafilimu oipa mwadala, akumatsinzinira woonera kuti tikudziwa zomwe tikuchita, ndipo mafilimu otere amatopetsa pakangopita mphindi zochepa. Mu Miami Connection mulibe wotsinzina. Aliyense akukhulupirira kuti akupanga chinthu chachikulu. Kim ankafunadi kuphunzitsa dziko za ubwenzi ndi kudziletsa, n'chifukwa chake anyamata ake asanu ndi a mitundu yosiyana, ndipo amakhala pansi n'kumalota zokaimba kumayiko komwe makolo a aliyense anachokera. Zimaseketsa, inde, koma woonera amadzazindikira kuti wayamba kuwafunira zabwino.

Tisaiwalenso kuti si zonse zomwe zili zoipa. Omenyanawo ndi akatswiri enieni, ndipo mateche awo si a makina. Nyimbonso zimakanirira m'mutu. Angelo Janotti ndi Kathy Collier, omwe ali m'gululo, anali oimba enieni. Nyimbo ya Friends inafika mpaka m'masewera a pakompyuta a Far Cry 3: Blood Dragon mu 2013.

Ena zimawanyansa ndithu kuti anthu azilipira tikiti kuti akaseke munthu amene anatsala pang'ono kutaya zonse. Dandaulo limeneli lili ndi mutu, makamaka tikakumbukira kuti mu 2015 a RiffTrax, amene ntchito yawo ndi kuthira ndemanga zanthabwala pa mafilimu, anaionetsa m'maholo ambiri a ku America. Koma Kim mwiniwake sanakhale kunyumba n'kumadandaula. Anayamba kufika kumene filimuyi ikuonetsedwa, kuyankha mafunso, kujambulitsa ndi oonera, n'kumalankhula za taekwondo ndi changu chomwe chija cha mu 1987.

Mu 2022 kampani ya Vinegar Syndrome, yomwe imakonzanso mafilimu akale oiwalika, inaitulutsa pa 4K, mtundu wa zithunzi zooneka bwino kwambiri. Tsopano zala za Kim pa gitala ija zikuoneka bwino kuposa mmene zinaonekera m'maholo 8 a ku Florida, ndipo anthu anaigula akudziwa zimenezo.