Kachisi wa ku Ise ali ndi zaka zingati?

Ophunzira anga a zomangamanga ndikawaonetsa chithunzi cha kachisi wamkulu wa chipembedzo cha Shinto ku Ise, m'dziko la Japan, ndimawafunsa zaka zake. Funsoli limawazunguza mutu. Matabwa amene alipo lero anaikidwa mu 2013. Koma mwambo womanganso kachisiyu pa zaka 20 zilizonse unayamba mu 690, m'nthawi ya mfumukazi Jitō, ndipo wa 2013 unali ulendo wa nambala 62.

Pamalopo pali mabwalo awiri oyandikana. Amisiri amamanga watsopano pambali pa wakale ndi mitengo ya hinoki, n'kufolera udzu. Usiku wina ansembe amasamutsira zopatulika za mulungu Amaterasu m'nyumba yatsopanoyo, kenako yakale ija imaphwasulidwa. Mizati yake ikuluikulu saitaya ayi. Amaipala n'kuiimika ngati zipata pa mlatho wa Uji, wolowera ku kachisiyu.

Ku Ulaya akatswiri anakula ndi maganizo ena. Chikalata cha ku Venice cha 1964, chonena za kasamalidwe ka nyumba zamakedzana, chimalemekeza mwala ndi mtengo weniweni umene makolo anaugwira, ndipo chimati pamene pakonzedwa pazioneka kuti mpatsopano. Kwa munthu woganiza choncho, Ise ndi chongofanizira basi. Msonkhano wa akatswiri wa ku Nara, ku Japan, wa 1994 ndiwo unavomereza kuti mtundu uliwonse uli ndi muyeso wake wa chimene chili chenicheni. (Si kuti Ajapani onse amaphwasula: kachisi wa Hōryū-ji akusungabe mitengo ya m'ma 600.)

Ine mtima wanga uli ku Ise, ndipo chinandikhutiritsa ndi moto wa ku tchalitchi chachikulu cha Notre-Dame ku Paris pa 15 Epulo 2019. Denga la m'ma 1200 litapsa, zojambula zake zinalipo, ndalama zinasonkhedwa msanga, koma panafunika manja odziwa kusema mtengo ndi nkhwangwa. Ena mwa amisiriwo anali ophunzirira ku Guédelon, ku France, kumene akhala akumanga linga ndi zida zamakedzana kuyambira 1997. Pakadapanda anthu ochepa oterewa amene anakakamira luso lakalelo, ntchito ikadavuta kwambiri.

Ku Ise vuto limenelo analiona kalekale. Zaka 20 n'zokwanira kuti mnyamata amene ankanola zida ulendo watha adzakhale mmisiri ulendo wotsatira, ndipo wachitatuwo aziphunzitsa ena. Mitengo yoyamba ya kachisi wa 2033 anaidula mu 2025 m'nkhalango za ku Kiso.