Mtima umafulumira, mafupa amachedwa

Nthawi yoopsa kwa munthu amene wayamba kumene kuthamanga ndi pamene wayamba kumva kukoma. Pakatha masabata 4 kapena 6, wefuwefu uja wachepa, miyendo yapepuka, ndipo mtunda umene unkaoneka wautali tsopano ukutha thukuta lisanatuluke bwino. Apa m'pamene ambiri amawonjezera mtunda ndi liwiro nthawi imodzi, kenako n'kuvulala.

Chifukwa chake n'chakuti ziwalo za thupi sizizolowera pa liwiro limodzi. Mtima ndi magazi zimasintha msanga: madzi a m'magazi amachuluka, mtima umapopa magazi ambiri pa kugunda kulikonse, ndipo minofu imaphunzira kugwiritsa ntchito bwino mpweya wa okosijeni. Koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imalandira magazi ochepa, choncho imatenga miyezi kuti ilimbe. Mafupa nawo ali ndi njira yawoyawo. Fupa likamapanikizika, thupi limayamba lachotsa kaye tizigawo takale lisanamange tatsopano, moti kwa kanthawi fupalo limakhala lofookerapo kusiyana ndi poyamba. Ndiye taganizirani kuti phazi likamatera pansi limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo pa mphindi 30 limodzi ndi linzake limatera pafupifupi ka 5,000. Mtima ukunena kuti tiyeni, msongolo usanakonzeke.

N'chifukwa chake kuyamba kwabwino kumaoneka ngati kochititsa manyazi. Yendani mwandawala mphindi 5 kuti thupi litenthe. Kenako thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi imodzi ndi theka, ndipo bwerezani zimenezi ka 8. Chitani katatu pa sabata, n'kumasiya tsiku lopuma pakati. Umu ndi mmene imayambira ndondomeko ya Couch to 5K imene bungwe la zaumoyo la NHS ku Britain limalimbikitsa, ndipo imafikitsa munthu pothamanga mphindi 30 osaima m'masabata 9. Sabata ina ikakukanikani, ibwerezeni. Palibe chimene mwataya.

Liwiro loyenera mulidziwa ndi pakamwa. Ngati mungathe kulankhula chiganizo chathunthu mukuthamanga, muli bwino. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi pakati pa kupuma, chepetsani. Stephen Seiler, katswiri amene anafufuza mmene akatswiri a masewero a mtunda wautali amakonzekerera, anapeza kuti pafupifupi magawo 8 mwa 10 a zokonzekera zawo amachita modekha. Ngati iwo amatero, woyamba kumene alibe chifukwa chodzizunzira tsiku lililonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense atachidziwa asanamange zingwe za nsapato. Mphindi 10 zoyambirira zimawawa pafupifupi kwa aliyense, ngakhale amene wathamanga zaka zambiri. Minofu imayamba kufuna mpweya wambiri mwadzidzidzi, pamene mtima ndi mapapo zimatenga mphindi zingapo kuti zifike pa mlingo wofunikawo. Miyendo imalemera, mpweya umaperewera, ndipo m'mutu mumabwera mawu akuti lero si tsiku lake. Musamaweruze tsikulo pa nthawi imeneyi. Chepetsani liwiro, dikirani, ndipo kawirikawiri mupeza kuti kupuma kwakhazikika, mapewa atsika, mapazi apeza kayendedwe kawo. Munthu amene wadutsa mphindi zimenezi maulendo ambirimbiri amayamba kuzindikira kuti kuwawa kwa poyamba sikunena zoona za ulendo wonse, ndipo nzeru imeneyi amaitenga n'kupita nayo ku maphunziro, ku ntchito yatsopano, ngakhale pa nthawi ya chisoni. Kwa ine, iyi ndiyo mphatso yaikulu ya kuthamanga, kuposa kutsika kwa sikelo.

Thupi limalimba pa nthawi yopuma. Kuthamanga kumangolipatsa chifukwa chomangira, koma kumangako kumachitika mukagona ndiponso mukadya mokwanira. Gonani maola osachepera 7. Mukayamba kuwonjezera mtunda, wonjezerani pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata, ndipo sabata yachinayi iliyonse bwererani m'mbuyo. Mtunda ndi liwiro musaziwonjezere sabata imodzi.

Ululu nawo uli mitundu iwiri. Kuphwanya kwa minofu kumene kumagwira miyendo yonse iwiri, n'kufika pachimake pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, n'kumachepa mukayamba kuyenda, sikoopsa. Koma ululu wa pamalo amodzi pa fupa, woti mutha kuuloza ndi chala chimodzi, umene ukukula mukamathamanga kapena mukadumpha ndi mwendo umodzi, ungatanthauze kuti fupa layamba mng'alu. Siyani kuthamanga, kaonaneni ndi dokotala. Mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene ukamauma m'mawa podzuka, ukukuchenjezani kuti katundu wachuluka. Chepetsani mtunda, ndipo muzinyamuka ndi zala za kumapazi n'kutsika pang'onopang'ono ka 15, maulendo atatu, kuti katumba alimbe. Kupweteka kwa pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka si zopirira ayi. Amene ali ndi vuto la mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe wafunsa kuchipatala.

Kukula kwa wothamanga sikuoneka tsiku ndi tsiku, choncho kumafuna kulemba. Sungani kabuku: tsiku, mphindi, mmene munamvera, ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi m'mawa musanadzuke. Kwa akuluakulu ambiri mtima umagunda ka 60 mpaka 100 akamapuma, ndipo mukazolowera kuthamanga nambalayo imatsika pang'onopang'ono. Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga wa ku Kenya, amadziwika ndi kulemba zokonzekera zake m'mabuku otere. Anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mamita 5,000 ku Paris mu 2003, anathamanga marathon (mpikisano wa makilomita 42.195) yake yoyamba ku Hamburg mu 2013, ndipo mu 2019 ku Vienna anamaliza makilomita 42.195 mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Pakati pa Paris ndi Vienna pali zaka 16 za masiku wamba, ambiri a iwo othamanga modekha.

Kabuku kanu kadzaonetsanso miyezi imene munaima chifukwa cha matenda, uchembere, maliro kapena ntchito. Imeneyo ndi mbali ya ulendo womwewo. Pobwerera mukapuma mwezi kapena kuposa, yambani ndi theka la zimene munkachita, kapenanso kuyenda ndi kuthamanga mosinthanasinthana ngati poyamba. Mpweya ubwerera msanga n'kuyamba kukunyengererani, koma mitsempha ndi mafupa zipatseni masabata angapo musanafike pa mtunda wanu wakale.